Za simbi ndi zovala zokwinyika pa sitima za cruise: mafunso ndi mayankho

Ife nkhani yosita sitiyitenga mopepuka. Ambirife tinakula tikuona amayi akuthira makala m'simbi Lamlungu madzulo, kupepelera mpaka makalawo afiire, kuti yunifomu ya Lolemba ikhale yowongoka ndipo thalauza la bambo likhale ndi mzere wake wakuthwa. Nde munthu woleredwa choncho ukamuuza kuti pa sitima yapamadzi imene walipira ndalama zankhaninkhani sakaloledwa kutenga simbi yake, amayamba wakuyang'ana kaye kuti mwina ukunama. Ine ndayendako maulendo angapo ochokera ku Durban, ndi umodzi wochokera ku Southampton, ndipo nyengo ya maulendowa ikamayandikira cha mu November mafunso amene ndimalandira kwa abale ndi anzanga amakhala omwewomwewo. Ndawaika pano onse ndi mayankho ake.

Kodi ndi zoona kuti simbi ndi yoletsedwa pa sitima?

Ndi zoona, musavutike ndi kulongedza. Makampani a sitimazi monga MSC, Royal Caribbean, Carnival, Norwegian, Princess, Celebrity, Disney, onsewa simbi anaiika pa mndandanda wa zinthu zoletsedwa kukwera nazo. Kaya mwalipira chipinda chamkati chopanda windo, kaya chapamwamba cha khonde loyang'ana kunyanja, lamulo ndi limodzi, ndipo m'chipindamo simukaipeza simbi mu wadirobu ngati mmene zimakhalira ku hotela.

Chifukwa chake n'chani kwenikweni? Si njira yongofuna kutidyera ndalama ku laundry?

Funso ili ndimalimvetsa, inenso poyamba ndinkaganiza choncho. Ndalama ku laundry amapangadi, zimenezo sitingakane. Koma chifukwa chenicheni ndi moto, ndipo ndikufuna mundimve bwino pano chifukwa mukamvetsa ichi zina zonse zili m'munsimu zikhala zosavuta kuvomereza.

Nyumba ikapsa kumtunda mumathawira panja, aneba amabwera ndi zidebe, ozimitsa moto angachedwe koma amafika. Pakati pa nyanja palibe panja. Anthu 3,000 kapena 5,000 muli m'chinthu chimodzi chachitsulo, makonde ake ndi aatali komanso opapatiza, utsi ukalowamo sudziwa kolowera, ndipo ozimitsa moto ndi ogwira ntchito a m'sitima momwemo basi, thandizo lochokera kumtunda litha kutenga maola. Anthu ambiri tikamva za ngozi ya sitima timaganiza za kumira, koma amalinyero chimene amaopa kwambiri ndi moto.

Ndipo si nkhani zongoopseza. Pa 23 March 2006 sitima ya Star Princess ikuchokera ku Grand Cayman kupita ku Montego Bay ku Jamaica, moto unabuka pa khonde la chipinda china cha m'ma 3 koloko usiku anthu ali mtulo. Ofufuza anapeza kuti mwina unayamba ndi kachidutswa ka ndudu kosazima. Kanthu kakang'ono choncho, koma motowo unayenda khonde ndi khonde, zipinda zoposa 200 zinaonongeka, munthu mmodzi anamwalira. Zitachitika zimenezo malamulo a zipangizo zomangira makonde a sitima anasinthidwa. Kumbuyoko mu July 1998 sitima ya Ecstasy itangonyamuka ku Miami moto unayambira mu laundry yeniyeniyo, anthu ankawotcherera chitsulo ndiye nthethe zinagwera pa tiulusi ta zovala tomwe tinaunjikana, motowo n'kuyenda m'mapaipi a mpweya mpaka kumbuyo kwa sitima komwe zingwe zomangira sitima zinayaka. Palibe anamwalira koma sitimayo inasowa mphamvu yoyendera, anachita kuikoka kubwerera nayo ku doko. Nsalu ndi kutentha zikakumana pa sitima zimatha kufika pamenepo.

Tsono taganizirani simbi. Pansi pake pamafika madigiri 200, imakoka magetsi mawati 1,000 mpaka kupitirira 2,000, m'chipinda mulibe thebulo lositira nde munthu asitira pa bedi kapena pa kapeti, sitima ikugwedezeka ndi mafunde, mnzake wagogoda kuti tiyeni chakudya chayamba, iye watuluka simbi waiimika pa bedi ili yoyaka. Funde limodzi lokha, simbi yagwa chafufumimba pa bulangete. Zipinda zilipo 1,500 kapena 2,000, sipafunika kuti aiwale anthu ambiri, mmodzi yekha wakwana. Malamulo a chitetezo cha panyanja otchedwa SOLAS, amene anayamba mu 1914 Titanic itamira mu 1912 ndipo pano amayang'aniridwa ndi bungwe la IMO ku London, gawo lake lalikulu ndi la moto, ndipo makampani amawonjezerapo malamulo awo pamwamba. N'chifukwa chake pamodzi ndi simbi amaletsanso makandulo, lubani, mbaula zamagetsi, ketulo yobwera nayo nokha ndi bulangete lamagetsi.

Koma yanga ndi kasimbi kakang'ono ka paulendo, kamazima kokha. Nakonso?

Nakonso. Wa sekyuriti sangayambe kuyesa simbi iliyonse kuti aone ngati imazimadi yokha, ndipo ngakhale yozima yokhayo imatenga nthawi isanazizire.

Nanga steamer, ija yotulutsa nthunzi? Imeneyo sigunda nsalu.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Amasiya simbi kunyumba bwinobwino n'kukagula steamer poganiza kuti apeza njira, koma makampani ambiri anailemba pa mzere womwewo ndi simbi. Mkati mwake muli chotenthetsera madzi chokoka magetsi ambiri, madzi akatha chitha kupitiriza kutentha, komanso nthunzi yambiri m'chipinda chaching'ono itha kuliza alamu ya utsi. Ya batire nayonso musaidalire. Ndalama ya steamer isungeni, ikuthandizani kulipira kusititsa zovala ziwiri zitatu zofunikira.

Ndikaikulunga bwino pakati pa zovala adziwa bwanji?

Adziwa. Sutikesi iliyonse imene mwaipereka pa doko imadutsa pa makina ounikira ngati a pa bwalo la ndege, ndipo simbi pa makinawo imaoneka poyera, chitsulo cha mawonekedwe ake sichisokonekera ndi china chilichonse.

Ulendo wina ndinapita ndi alamu anga, munthu waukhondo kwambiri amene sangatuluke m'nyumba ndi bulauzi yokwinyika. Ndinawauza kuti alamu simbi siyani, iwo anati kangachepe kanga ndikakulunga m'chitenje pakati pa mathaulo palibe angakaone. Titakwera, masutikesi a anthu anayamba kufika pa makomo a zipinda cha m'ma 3 koloko, yanga inafika, ya ana inafika, yawo ayi. 6 koloko yakwana, sitima yachoka kale pa doko, iwo akadali ndi zovala zomwe anayenda nazo pa basi. Kenako pansi pa chitseko panalowa kapepala kowaitana ku sekyuriti. Tinatsikira limodzi ku nsanjika ya pansi kwambiri komwe kulibe kapeti, makoma achitsulo opaka utoto woyera, kukununkha mafuta a injini, ndipo tinapeza mzere wa anthu mwina makumi awiri, masutikesi ataunjikidwa ali ndi zomata zofiira. Wina wamugwira ndi botolo la mowa, wina ndi ekisitenshoni, ambiri simbi ndi ma steamer. Anawauza kuti atsegule okha, iwo n'kuyamba kuchotsa zovala chimodzichimodzi pamaso pa anthu mpaka kufika pa chitenje chija. Wa sekyuritiyo sanakalipe, anangoti mayi ichi tikusungirani, n'kumata nambala pa simbiyo n'kuwapatsa lisiti. Koma chakudya choyamba chamadzulo chinawadutsa, ndipo zovala zimene ankafuna kuziteteza zinakhala maola ena asanu zili zopanikizika m'sutikesi, kukwinyika kuposa zikanafika msanga n'kupachikidwa. Zinandimvetsa chisoni chifukwa tsiku loyamba la ulendo ndi lokoma, silibwereranso.

Akalanda amabweza?

Simbi amabweza. Sungani lisiti, mumakatenga usiku womaliza kapena m'mawa wotsika, nthawi zambiri pa thebulo lomwe amaika pafupi ndi potulukira. Mukaiwala kutenga basi yapita, musayembekeze kuti akutumizirani.

Nde bwanji draya ya tsitsi ndi chowongolera tsitsi amalola, chikhalirecho nazonso zimatentha?

Makampani ambiri amalola draya, chowongolera tsitsi ndi chopotera tsitsi, ndipo pafupifupi chipinda chilichonse mumapeza draya yawo mu dirowa kapena ku bafa. Kusiyana kwake ndi koti draya imakhala m'manja ndipo imalira, sungaiiwale ikuyaka, pomwe chowongolera tsitsi mbale zake zotentha ndi zazing'ono, zili mkati, ndipo sichikoka magetsi ambiri ngati simbi. Komabe mukamaliza chotsani pa soketi, muchiike pa matailosi kapena pa galasi la thebulo, osati pa bedi. Wosamalira chipinda akachipeza cholumikizidwa inu kulibe amachizula, musakwiye, ndi zimene anauzidwa.

Chabwino tamva. Nde tikasitira kuti?

Zimatengera kampani, ndipo ichi ndi chinthu choti muone musanalipire ulendo ngati kusita n'kofunika kwa inu. Sitima za Princess, Cunard, Disney, P&O Cruises ya ku Britain komanso zambiri za Carnival zili ndi tizipinda tochapira tomwe wokwera aliyense amalowa yekha, muli makina ochapira, oumitsira, simbi ndi thebulo lake. Kusita n'kwaulere. Kuchapa kwina mumalipira ndi khadi la chipinda, koma pa Cunard ndi P&O ngakhale makinawo ndi aulere. Royal Caribbean, Celebrity ndi MSC alibe tizipinda timeneti, njira nthawi zambiri ndi kupereka zovala kuti akusitireni. Pa Norwegian tizipindati mulibenso, koma mutha kupempha wosamalira chipinda kuti akubwerekeni simbi ya sitima kwa kanthawi kochepa.

Kwa ife okwerera ku Durban, maulendo aja a masiku atatu kapena anayi opita ku Portuguese Island kufupi ndi Maputo kapena ku Pomene ku Mozambique komweko, ambiri ndi a MSC, nde dziwani kuti malo ositira nokha kulibe. Abale a ku Britain okwerera ku Southampton mwayi wopeza kachipinda kositira ndi waukulu.

Mukapeza kachipindako, malangizo anga ndi awa. Musapite madzulo a tsiku la gala, lija anthu amatchena popita ku chakudya chamadzulo, kuyambira cha m'ma 3 koloko kumadzaza, simbi ziwiri anthu khumi ndi awiri aliyense shati ili pa mkono, kukutentha chifukwa cha makina oumitsira. Pitani m'mawa kwambiri, kapena tsiku limene sitima yaima pa doko anthu atatsika. Simbi zake zimakhala zomangiriridwa ku khoma ndipo zambiri zili ndi batani loti mukadina imayaka kwa mphindi zingapo n'kuzima yokha, nde ikazizira pakati pa ntchito sikuti yafa, dinaninso. Ndipo chonde musanaiike pa chovala chanu itembenuzeni muone pansi pake. Ine ndinapezapo ina ili ndi zakuda zomata, wina anapserezerapo nsalu ya nayiloni n'kungochoka. Yesani kaye pa thaulo la sitima, kapena yalani kansalu koyera pamwamba pa shati. Onaninso timadontho pa chizindikiro cha chovala, kamodzi ndi moto wochepa wa madigiri 110, tiwiri 150, titatu 200, chifukwa amene wakutsogolerani mwina amasita jinzi n'kusiya pa moto wonse.

Kupereka kuti akusitireni zimayenda bwanji, ndipo n'zodula?

Mu wadirobu mumapeza thumba la pepala kapena la nsalu ndi fomu. Mumalemba chiwerengero cha zovala, n'kuchonga ngati mukufuna kuchapa ndi kusita, kapena kusita kokha. Chongani bwino pamenepa, kusita kokha n'kotsika mtengo kusiyana ndi kuchapa. Mumasiya pa bedi m'mawa, wosamalira chipinda amatenga, zimabwera tsiku lotsatira madzulo zili pa mahang'ala. Mukafuna tsiku lomwelo mumawonjezera ndalama. Mtengo ndi wa chovala chilichonse payokha ndipo umalowa pa bilu ya chipinda, m'madola kapena ndalama imene sitimayo ikugwiritsa ntchito, nde mukausandutsa m'makwacha kapena m'marandi mutu umazungulira ndithu. Nzeru yake ndi yosapereka zonse. Sankhani shati imodzi, thalauza limodzi, diresi limodzi la usiku waukulu, mupereke tsiku loyamba lomwelo mukangomasula katundu, chifukwa pa ulendo wa masiku atatu mukadikira mawa zitha kubwera gala itadutsa. Pa maulendo aatali makampani ena amakhala ndi tsiku loti mudzaze thumba limodzi pa mtengo umodzi, ndipo MSC imagulitsa mapakeji a zochapa amene mutha kulipiriratu musanakwere.

Sindikufuna kulipira kalikonse. Pali njira yochotsera makwinya popanda simbi?

Zilipo, ndipo kunena zoona pa zovala khumi zilizonse, zisanu ndi zitatu zimatheka ndi njira zimenezi. Yoyamba ndi kupachika msanga. Sutikesi ikangofika musathamangire ku dziwe losambira, tulutsani zonse, kutumulani chimodzichimodzi, pachikani. Mahang'ala akachepa pemphani ena kwa wosamalira chipinda, amabweretsa mosavuta. Mpweya wa panyanja ndi wachinyezi, makwinya ambiri pofika mawa amakhala atatsika okha.

Yachiwiri ndi nthunzi ya ku shawa. Bafa la pa sitima ndi laling'ono, ndipo pa nkhani iyi kuchepako n'kothandiza chifukwa nthunzi imadzaza msanga. Pachikani shati kuseri kwa chitseko cha bafa pamene mukusamba madzi otentha, mukamaliza ikokeni pang'onopang'ono m'mphepete, kusalaza ndi chikhatho, n'kuitulutsa kuti iume ku mpweya wa m'chipinda. Chitseko cha bafa chikhale chotseka nthawi yonseyi, nthunzi ikatulukira yambiri m'chipinda itha kudzutsa alamu ya kudenga ndipo mulandira foni kapena kugogoda kwa a chitetezo. Komanso musatsegule madzi n'kuwasiya akutayika theka la ola chifukwa cha shati imodzi, madzi abwino pa sitima amachita kupanga kuchokera ku madzi amchere, chitani nthawi yomwe mukusamba kale.

Yachitatu, imene ine ndimaidalira kwambiri, ndi kabotolo kopopera. Kuli mankhwala ogulitsa ochotsa makwinya, ku America kuli Downy Wrinkle Releaser, ku Britain kuli wa Lenor, koma mutha kupanga nokha: kabotolo kakang'ono, madzi, ndi kasupuni kamodzi ka mankhwala ofewetsa zovala ngati Sta-Soft, khutchumulani. Ngakhale madzi okhaokha amagwira. Poperani pang'ono kuti chovala chichite chinyezi osati kunyowa, chiyaleni pa bedi, kokani mbali zonse, salazani ndi manja, kenako muombe ndi draya ya tsitsi muli patali pang'ono kwinaku dzanja lina likukoka nsalu. Shati imodzi mphindi zisanu yatheka. Pa silika samalani, madzi amatha kusiya madontho, yesani kaye mkati mwa mpendero.

Kolala ya shati, mapeto a mikono ndi mzere wa mabatani, amenewa ndi malo amene diso la munthu limafikira, ndipo chowongolera tsitsi chimawakonza bwino kwambiri. Pukutani mbale zake kaye zikadali zozizira chifukwa mafuta a tsitsi akapita pa kolala yoyera simuwachotsa, ikani moto wochepa, panani kolala n'kukoka osaima malo amodzi. Abambo ovala jekete, kolala ndi kutsogolo zikawongoka basi mwatha, kumsana kuli mkati mwa jekete.

Ndilongedze bwanji kuti zisakwinyike poyamba pomwe?

Sitani zonse kunyumba dzulo lake, zizizire ndi kuuma bwinobwino musanaziike m'sutikesi, chovala chofunda kapena chachinyezi chimagwira khwinya lililonse. Matisheti, masiketi ofewa, zovala za ana, zikulungeni ngati mkeka m'malo mopinda. Mashati ndi madiresi asiyeni pa mahang'ala opyapyala, chilichonse muchiveke pulasitiki ija ya ku dry cleaner, muziyale m'sutikesi n'kupinda kamodzi kokha. Pulasitikiyo imapangitsa nsalu kuterereka m'malo mokanikizana. Mathalauza yalani chiuno mkati miyendo ikulendewera kunja kwa sutikesi, ikani zokulunga zija pamwamba, kenako bwezani miyendo, potero pa bondo sipakhala mzere wopingasa. Nsapato ndi zolemera zikhale ku mbali ya matayala. Ndipo musadzaze mpaka kukhalira sutikesi kuti zipi itseke, komanso isakhale yopanda kanthu zinthu n'kumayendayenda mkati.

Ochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre pa basi mpaka ku Joni kenako Durban, zovala zikhala m'sutikesi masiku awiri atatu. Ngati mugona kwa abale kapena ku malo ogona alendo usiku woti mawa mukwera, tulutsani za gala muzisitenso kumeneko, simbi n'kuisiya komweko.

Nanga zovala zathu za chitenje?

Valani, ndipo ndikukulimbikitsani, usiku wa gala diresi la chitenje losokedwa bwino kapena shati ya abambo ya chitenje zimaoneka bwino kwambiri pakati pa masuti akuda, anthu amakuimitsani kufunsa kuti nsaluyi ndi ya kuti. Koma chitenje ndi thonje, ndipo chija cholimba cha waksi chikapindidwa mzere wake umakhala ngati wa pepala, nthunzi ya ku shawa payokha siuchotsa. Nde musachipinde, chikulungeni mozungulira thaulo kapena chiyende pa hang'ala m'thumba la suti. Ubwino wake maluwa ndi mitundu ya chitenje imabisa makwinya ang'onoang'ono. Mpango wa kumutu ulibe vuto, pomanga umakokeka wokha. Mukapereka chitenje ku laundry chongani kusita kokha, makina awo ochapira amagwiritsa madzi otentha ndipo chitenje chatsopano chitha kusuluka. Nsalu zovutitsa kwambiri ndi linen ndi thonje lopyapyala loyera. Poliyesitala, jezi ndi suti ya ubweya zimadziwongola zokha zikapachikidwa.

Ndikachapa ndekha zamkati ndi za ana, osasita, sizikhala ndi mphutsi?

Funso ili anandifunsa mayi wina wachikulire ndipo ndi lanzeru, chifukwa kwathu kusita si kudyada kokha. Ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa panja, makamaka pansi kapena pa udzu pamthunzi, ndipo simbi ndi imene imapha mazirawo mphutsi zake zisanalowe pakhungu la mwana. N'chifukwa chake amayi athu ankasita ngakhale matewera ndi masokosi. Koma pa sitima mukuyanika m'bafa lotseka pakati pa nyanja, ntchentche imeneyo kulibe. Mayi, chapani ndi mtima m'malo. Mu shawa zambiri muli kachingwe kokoka kuchokera ku khoma kukakola mbali inayo, ndi ka ntchito imeneyo. Finyani chovala pochikulunga m'thaulo louma n'kuponda, chimauma msanga.

Ndingayanike pa khonde la chipinda changa?

Ayi, amaletsa. Mphepo ya panyanja imanyamula zovala kupita nazo m'madzi, komanso kumbukirani za Star Princess zija, kachidutswa ka ndudu kochokera pamwamba kakagwera pa thaulo louma pa khonde ndi mmene moto umayambira. China chofunika kwambiri, kudenga kwa chipinda kuli kachitsulo kotuluka kopopera madzi moto ukabuka. Kamaoneka ngati malo abwino okolekapo hang'ala ya diresi lalitali. Musayerekeze. Mkati mwake muli kagalasi kopyapyala, kakasweka madzi amatuluka mwamphamvu kunyowetsa chipinda chonse ndi cha apansi panu, ndipo bilu yake itha kubwera kwa inu. Makoma a zipinda zambiri ndi achitsulo, gulani tingowe ta maginito tolimba, timamata pa khoma kapena kudenga ndipo mumapachika chilichonse.

Za mapulagi ndi ekisitenshoni zili bwanji?

Sitima zambiri zili ndi masoketi a mitundu iwiri, a ku America a mavoti 110 ndi a ku Ulaya a mabowo awiri ozungulira a mavoti 220. Pulagi yathu ya ku Malawi ndi Zambia ya mano atatu aja ofanana ndi a ku Britain, komanso ya ku South Africa ya mano atatu ozungulira, sizilowa popanda adaputa, kupatula pa sitima za ku Britain ngati za P&O ndi Cunard zomwe zili ndi masoketi a mtundu wathu. Tengani adaputa wamba. Chowongolera tsitsi cha mavoti 230 chilowetseni ku soketi ya 220, ku 110 sichitentha mokwanira. Ekisitenshoni yokhala ndi chotetezera magetsi akakwera mwadzidzidzi, ija timaidalira kwathu magetsi akamabwera ndi mphamvu atazima, pa sitima ndi yoletsedwa chifukwa mawaya a sitima analumikizidwa mosiyana ndi a m'nyumba ndipo chipangizocho chitha kutentha n'kuyaka. A US Coast Guard, oyang'anira chitetezo cha panyanja ku America, anachenjezapo za zimenezi mu 2013. Royal Caribbean inafika poletsa ngakhale ma ekisitenshoni wamba. Chaja ya mabowo angapo a USB ndi imene imadutsa mosavuta.

Tikukachitira ukwati kapena chikumbutso cha ukwati pa sitima, diresi ndi suti titani?

Musazipereke pa doko pamodzi ndi masutikesi, zinyamuleni m'manja m'thumba lake. Mukangolowa m'chipinda zipachikeni, ndipo lankhulani ndi wosamalira chipinda tsiku lomwelo, muuzeni tsiku la mwambo kuti a ku laundry akonze nthawi. Iwo ali ndi makina a nthunzi aakulu. Diresi la mikanda yambiri kapena nsalu yosachedwa kuonongeka nthawi zina amakana kuligwira kapena amakusainitsani kaye, nde lisititseni kumtunda kwa odziwa, muyende nalo mosamala.

Anthu sadzandiseka ndikalowa ku chakudya ndi shati yosawongoka bwino?

Nkhawa iyi ndimaidziwa, tinaleredwa kuti chovala chokwinyika chimanyozetsa nyumba imene wachokera. Koma aliyense amene ali m'chipinda chodyeramo simbi yake ili kunyumba kapena ili kwa a sekyuriti ngati yanu, magetsi a m'menemo ndi ofatsa, ndipo mukakhala pa mpando mphindi khumi shati ya aliyense imakhala itakwinyika pamimba. Usiku wa gala, umene pa ulendo waufupi umakhala umodzi ndipo pa wa sabata nthawi zambiri awiri, ndi pamene ojambula zithunzi amakhala ponseponse, nde chovala cha usiku umenewo ndi chimene muyenera kuchisamala kapena kulipirira. Pa MSC pamakhalanso usiku wovala zoyera, ndipo zoyera ndi zimene zimaonetsa makwinya kwambiri, sankhani nsalu yosavuta. Masiku enawo ndi kabudula, tisheti ndi patapata.

Alamu anga aja ulendo wachiwiri anatenga kabotolo kopopera, tingowe tinayi ta maginito ndi diresi lawo la chitenje lobiriwira atalikulunga pa thaulo. Sutikesi yawo inafika pa khomo 3 koloko isanakwane, pofika 4 koloko zonse zinali pa mahang'ala, ndipo sitima ikutuluka pa doko la Durban tinali tonse pamwamba tikuona magetsi a mzinda akutsalira m'mbuyo.